Kodi Boma Lingatseke Msika Cifukwa ca Mliri?

Awa ndi mau amene Mthandizi wa Zofalitsa Nkhani analankhula kwa mafumu ndi anthu ao pa bwalo la Mfumu Yaikuru. Tawalemba muno kuti amene sanafike pa msonkhanowo awerenge, ndi kuwerengeranso anzao osadziwa kuwerenga.

 Ndithokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kubwera kudzamva mwana wamng'ono monga ine. Mwezi wathawu, titatha kukamba za katemera wa ana, a Nyakwawa ena anaimirira nandifunsa funso limene sindinayankhe bwino. Anati, "Mwana wanga, mliri wina ukadzabwera, kodi Boma lidzatitsekera msika? Nanga likatseka, ife tidzadya ciani?" Funsolo ndinapita nalo ku ofesi, ndinafunsa akuru anga, ndipo ndinawerenganso mapepala a caka ca 2020 ndi ca 2021. Yankho lace liri m'kati mwa mkangano umene unabuka m'dziko muno pa nthawi ya nthenda ya korona, imene a cipatala amaicha Covid-19. Tsono mundilole ndiyambe poyambira.

Nthendayi inayamba kuoneka mu mzinda wa Wuhan ku China m'mwezi wa December 1919 ai, ndikonze, wa December 2019. Pepani, lilime lapita ku fuluwenza ija ya 1918 imene makolo athu ankasimba. Kacirombo kace kamayenda ndi mpweya, munthu akamatsokomola, kuyetsemula, kapena kulankhula pafupi ndi mnzace. Cifukwa cace maiko ambiri anaganiza kuti njira yocepetsera nthendayi ndiyo kuletsa anthu kusonkhana. Kuno kwathu, pa 20 March 2020, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Bambo Peter Mutharika, analengeza kuti dziko liri pa ngozi. Sukulu zonse zinatsekedwa kuyambira pa 23 March, ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Pamenepo nkuti m'Malawi musanapezeke ndi mmodzi yemwe wodwala nthendayi. Odwala oyamba, anthu atatu, anapezeka ku Lilongwe pa 2 April.

Kufikira pamenepo anthu anangong'ung'udza, koma sanakane. Mkangano weni-weni unayamba pa 14 April, pamene Nduna ya Zaumoyo, Bambo Jappie Mhango, inalengeza kuti kuyambira usiku wa pa 18 April kufikira pa 9 May, masiku 21, munthu aliyense abindikire pakhomo pace. Misika yaikuru itsekedwe, maulendo aleke, ndipo woyenda akhale ndi cilolezo. Tsiku limenelo odwala odziwika anali 16, ndipo omwalira anali awiri.

Mwina wina adzafunsa kuti, "Anthu 16 okha, nkutsekera dziko lonse?" Mvetsani maganizo a Boma, pakuti sanali maganizo opusa. A zaumoyo anali kuona zimene zinacitika ku Italy, dziko la cuma, la zipatala zazikuru, kumene odwala anacuruka kufikira makama anatha. Iwo anadziwa kuti ife makama a odwala mwakayakaya tiri nao ocepa, mpweya wa m'mabotolo wocepa, madotolo ocepa. Anati, moto umazimidwa ukali pa udzu umodzi. Ukakwera denga palibe mtsuko ungauthe. Boma linacenjeza kuti tikalekerera, anthu 50,000 akhoza kufa. Munthu amene wauzidwa cotere ndi akatswiri ace, ndipo iye ndiye wosunga dziko, sagona tulo.

Tsono mvetsaninso maganizo a anthu a malonda, amene masiku ano timawacha mavenda. Pano ndilankhula zimene ndinaona ndi maso anga, cifukwa amai anga amagulitsa tomato pa msika. Usiku umene tinamva cilengezoco pa wailesi, amai anatulutsa dengu lao nawerenga milu ya tomato. Anati, "Uyu masiku atatu aola. Ufa uli m'nyumba ukwana masiku anai. Nanga masiku 17 otsalawo?" Palibe anayankha. Ife a kumudzi tinali ndi mwai pang'ono, pakuti inali nyengo ya masika, cimanga ciri m'munda, maungu ali pakhomo. Koma taganizani munthu wa ku Ndirande kapena ku Mchesi, wokhala m'nyumba ya lendi, wopanda nkhokwe, wopanda munda. Iye amadzuka m'mamawa kukasenza katundu, kukapalasa kabaza, kukagulitsa mandasi, ndipo ndarama ya tsikulo ndiyo nsima ya madzulo omwewo. Mukamuuza kuti akhale pakhomo milungu itatu, mwamuuza kuti ana ace agone ndi njala milungu itatu. Cotero anthu a malonda ku Mzuzu, ku Blantyre ndi kwina anaguba m'miseu, nanena kuti kuli bwino kufa ndi korona kusiyana ndi kufa ndi njala.

Taonani kuti onse awiri anali kuopa imfa. Boma linaopa imfa ya nthenda, anthu anaopa imfa ya njala. Ndanena ici cifukwa ndamva ena akuti, "Anthu aja anali mbuli," ndi ena akuti, "Boma linali lankhanza." Ine sindibvomera mau awiri onsewo. Colakwa cinali cakuti lamulo linatuluka, koma cakudya sicinatuluke nalo pamodzi.

Mlandu unapita ku Bwalo Lalikuru. Anaupereka ndi anthu ena pamodzi ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Defenders Coalition. Pa 17 April, litatsala tsiku limodzi, Woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti m'bindikirowo uyambe waima kufikira mlandu utamveka. Ndipo sunacitike konse. Maiko ena anatseka, koma m'Malawi misika inakhala yotsegula, osati cifukwa Boma linafuna, koma cifukwa bwalo linakana. Patapita masiku, pa 28 April, Boma linalengeza kuti lidzapatsa mabanja 172,000 a m'mizinda ndarama zokwana K35,000 pa mwezi. Ndarama zimenezi zinali zolingana ndi malipiro ocepetsetsa a munthu wa pa nchito pa nthawiyo. Linali ganizo labwino, koma linabwera m'mbuyo mwa lamulo m'malo mobwera patsogolo pace, ndipo kulemba maina kunatenga nthawi yaitali, kotero kuti ambiri anadzalandira m'caka ca 2021, ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba.

Apa ndiyenera kuchula za ndale, ngakhale ine nchito yanga si ya cipani ciri conse. Mukumbukira kuti pa 3 February 2020 bwalo linafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca 2019, nililamula kuti anthu akavotenso. Tsono mliri unafika pamene dziko linali kukonzekera cisankho catsopano. Otsutsa Boma anakayika nati, "M'bindikirowu ndi cinyengo cofuna kucedwetsa voti." A mbali ya Boma nao anati, "Otsutsawa afuna mpando, alibe cisoni ndi moyo wa anthu." Mau a dotolo anamira pakati pa mau awiriwa. Ndipo ndinene zoona pamaso panu: pofika nthawi yokopa anthu, zipani za mbali zonse ziwiri zinacititsa misonkhano yaikuru, anthu zikwi-zikwi atathithikana, ambiri osabisa pakamwa. Mwana wa sukulu anali kunyumba cifukwa kalasi ya ana 80 inali yoopsa, koma atate wace anali ku msonkhano wa anthu osawerengeka. Munthu wa kumudzi anaona zimenezi, ndipo anati mumtima mwace, "Ngati akuru-akuru saopa, nthendayi kulibe." Bodza limeneli linatipweteka pambuyo pace.

Pa nthawi yomweyo abale athu anali kubwera kucokera ku South Africa. Dziko lija linatseka zonse pa 27 March 2020, ndipo pambuyo pace linayamba kupatsa nzika zace zosowa nchito R350 pa mwezi. Koma Mmalawi wogwira ganyu ku Johannesburg nchito inamthera, ndipo thandizo lija ambiri silinawafike. Anakwera mabasi nalowa pa cipata ca Mwanza. M'mwezi wa May anthu oposa 400 amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, kudikira zotsatira za kupimidwa kwao, anathawa napita kwao, ena mwa iwo ali ndi kacirombo. Iwo anadandaula za cakudya, madzi ndi zimbudzi. Muone kuti ndi mlandu womwe uja wa amai anga ndi dengu lao: kumuuza munthu kuti akhale, osampatsa cokhalira.

Cisankho cinacitika pa 23 June, ndipo Bambo Lazarus Chakwera anapambana. Pamenepo panaoneka cinthu cimene ine cinandiphunzitsa zambiri. Amene dzulo anali kutsutsa, lero anasenza katundu yemweyo. Odwala anacuruka m'mwezi wa July, ndipo cikondwerero ca ufulu ca pa 6 July cinalephereka. M'mwezi wa August Boma latsopano linaika malamulo ace: aliyense abvale kansaru kobisa mphuno ndi pakamwa, wokana alipire K10,000, ndipo misonkhano icepe zedi. Tsopano odandaula anakhala a mipingo, amene anati sanafunsidwe, ndipo Boma linafewetsa lamulolo kuti anthu 100 akhoze kupemphera pamodzi. Walira mvula walira matope. Mpando wa Boma uli ndi minga yace, kaya akhalapo ndani.

M'mwezi wa September caka comweco oweruza atatu anagamula mlandu uja wa m'bindikiro. Anati malamulo aja anasemphana ndi Malamulo Akuru a dziko. Nduna inawapanga potsamira lamulo la zaumoyo la caka ca 1948, la nthawi ya Atsamunda, koma lamulo limenelo silipatsa nduna mphamvu yocotsera mtundu wonse ufulu wa kuyenda ndi wa kupeza cakudya. Anaonjezanso kuti Boma lisanatsekere anthu liyenera kuganizira osauka. A Nyakwawa, gwirani mau amenewa, tibwererako.

Mtengo wa kutseka sukulu sunaoneke msanga. Ine ndinali mu Fomu 4 caka cimeneco. Tinakhala kunyumba kuyambira March kufikira pa 7 September, pamene makalasi olemba mayeso anayamba kubwerera. Boma linayesa kuphunzitsa pa wailesi ndi pa intaneti, koma kwathu wailesi inali imodzi ndipo mabatire anali a nkhani za madzulo. Titabwerera, atsikana atatu a m'kalasi mwathu sanaoneke. Mmodzi wa iwo ndiye ankatiposa tonse pa masamu. Kafukufuku wa Boma anapeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana pafupi-fupi 40,000 anatenga mimba, ndipo maukwati a ana anali pafupi-fupi 13,000. Mafumu ambiri, ndi ena muli pano, munathetsa maukwati otere ndi kubweza ana ku sukulu, ndipo tikuthokozani. Koma si onse anabwerera. Pokangana za msika tinaiwala kukangana za sukulu, cifukwa ana alibe bungwe lowapitira ku bwalo la mirandu.

Cuma ca dziko naco cinabvulala, ngakhale misika sinatsekedwe. Alendo oceza ku nyanja analeka kubwera, mahotela anacotsa anchito, ndipo ndarama zimene ana athu a ku Joni ankatumiza zinacepa. Minibasi zitalamulidwa kunyamula anthu ocepa, eni ace anakweza mtengo, ndipo wolipira anali inu. M'caka ca 2019 cuma cinakula ndi magawo pafupi-fupi 5 pa 100, koma mu 2020 sicinafike ndi gawo limodzi lomwe.

Tsono kunadza January wa 2021. Amene ankati nthendayi ndi ya Azungu, kapena ndi ya ndale, anakhala cete. Mtundu watsopano wa kacirombo, wofala msanga, unalowa pa nyengo ya Khirisimasi. Pa 12 January, tsiku limodzi, nduna ziwiri zinamwalira, Bambo Sidik Mia ndi Bambo Lingson Belekanyama. Aphunzitsi, abusa, ansembe, oimba ndi anthu wamba anatsatana. Zipatala zinadzaza monga a zaumoyo ananenera poyamba paja. Bwalo la mpira la Bingu ku Lilongwe ndi Nyumba ya Boma ya ku Zomba zinasanduka zipatala. Mpweya wa m'mabotolo unasowa, kotero kuti Amalawi ena, a kuno ndi a kunja, anasonkha ndarama zao kugulira zipatala mabotolowo. Boma linaletsa kuyenda kuyambira 9 koloko usiku kufikira 5 koloko m'mawa, nilitsekanso sukulu kwa kanthawi.  Maliro anali atalankhula kuposa nduna iri yonse. Komanso onani kuti lamulo ili linasiya usana wotsegula, kuti munthu akapeze ufa.

Pali cinthu cina cowawa cimene sindingabise, pakuti Boma lomwe linacinena poyera. M'caka ca 2020 panatuluka K6.2 biliyoni zolimbana ndi mliri. Anthu atafunsa kumene zinapita, Mkuru Wowerengera Ndarama za Boma anafufuza, ndipo m'mwezi wa April 2021 kunadziwika kuti gawo lina linathera m'maalawansi a misonkhano ndi m'kugula katundu mosatsata njira. Pulezidenti Chakwera anacotsa nduna imodzi, ndipo anchito ena a Boma anamangidwa. Taganizani mtima wa namwino amene mu April 2020 ananyanyala nchito kupempha zobvala zodzitetezera, pomva zimenezi. Taganizani mtima wa munthu amene mbale wace anafa akupuma mobvutika cifukwa botolo linalibe mpweya. Ndarama yobedwa pa mliri imaba kawiri: imaba mankhwala, ndipo imaba cikhulupiriro ca anthu.

Ndipo cikhulupiriroco cinafunika msanga, cifukwa pa 5 March 2021 katemera woyamba anafika, wokwana 360,000, wa mtundu wa AstraZeneca. Pulezidenti anabaitsa pamaso pa anthu ku Zomba pa 11 March. Koma mphekesera zinali zitafika kale m'midzi, zakuti wobaitsa sadzabala, zakuti adzafa patapita zaka ziwiri. Anthu anazengereza. Katemera wina anafika masiku ace atatsala pang'ono, ndipo pa 19 May Nduna ya Zaumoyo, Mai Khumbize Chiponda, inatentha katemera 19,610 wotha mphamvu ku cipatala ca Kamuzu Central, poyera, kuti anthu adziwe kuti palibe adzabayidwa mankhwala oguga. Ine ndinabaitsa caka comweco. Zaka ziwiri zija zinapita kale, ndipo ndi uno ndaima pamaso panu.

Nanga anakhoza ndani pa mkangano wa April uja? Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linalengeza pa 5 May 2023 kuti nthendayi siirinso ngozi yadzidzidzi ya maiko onse. M'mabuku a Boma, odwala m'Malawi anali pafupi-fupi 89,000, ndipo omwalira pafupi-fupi 2,700. Ena amati, "Mwaona? Anthu 50,000 aja ali kuti? Bwalo linatipulumutsa ku njala yacabe." Ena amayankha kuti m'mabukumo munalembedwa okhawo amene anapimidwa, ndipo inu mafumu mudziwa nkhalamba zimene tinaika m'manda ndi cifuwa osafika nazo ku cipatala. Amatinso cimene cinatithandiza si nzeru zathu ai, koma kuti ndife mtundu wa ana: kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osafika zaka 18, ndipo anthu 84 pa 100 amakhala kumudzi, kumene nchito zambiri timagwirira panja. Nthendayi inkapha maka-maka okalamba ndi odwala shuga kapena mtima. Ine maganizo anga ndi akuti bwalo linakhoza kuimitsa m'bindikiro wopanda cakudya, komanso a zaumoyo anakhoza kuopa. Mliri wina ukhoza kudzakonda ana m'malo mwa nkhalamba, ndipo pamenepo ubwana wathu sudzatichinjiriza.

Tsono a Nyakwawa, yankho lanu ndi ili. Inde, Boma liri nayo mphamvu yocepetsa misonkhano, yotseka sukulu kwa kanthawi, yoika nthawi ya msika, ndi yopatula odwala, ndipo likatero pa cifukwa ca nthenda tiyenera kumvera. Koma kutsekera mtundu wonse m'nyumba si nchito ya nduna imodzi. Malamulo Akuru ali nayo njira yace ya nthawi ya ngozi yoopsa, imene imafuna cibvomerezo ca komiti ya Nyumba ya Malamulo, ndipo oweruza ananena kale mu 2020 kuti osauka aganiziridwe lamulo lisanayambe. Cotero mukadzamva cilengezo cotere, funso lanu lija lakuti "tidzadya ciani" si mwano ai. Lifunseni kupyolera mwa Mfumu Yaikuru, mwa khansala ndi mwa phungu wanu. Ndarama za mliri zikadzafika kwa Bwana DC, komiti yanu ya citukuko ifunse kuti zafika zingati ndipo zagula ciani, ndipo mlembi alembe yankho m'buku. Koma pofunsapo musaleke kusamba m'manja ndi sopo, musaleke kutumiza wodwala ku cipatala msanga, ndipo mlangizi wa zaumoyo akabwera ndi katemera musamtsekere citseko cifukwa mwakwiya ndi a ndale. Iye sanadyeko alawansi ija. Amabwera pa njinga, monga mumamuonera.

Mwezi wa mawa ndidzabwera ndi mlangiziyo kuti tidzakambe za zitsime ndi kolera mvula isanayambe. Mafumu, conde mudzabweretse maina a zitsime zimene zinaonongeka m'midzi mwanu. Tsopano ngati ndasiya kanthu, a Nyakwawa, imani mundifunse, pakuti galimoto yobwerera ku boma inyamuka dzuwa likapendeka.